Msonkho wa Munthu Wogona Uku N'kumagwira Ntchito Uko: Nkhani ya Zigawo za ku Amereka

M'dziko la United States of America, lomwe anthu ambiri amangolitchula kuti Amereka, munthu wolandira malipiro sakhala ndi wokhometsa msonkho mmodzi, chifukwa kuwonjezera pa boma lalikulu la ku Washington pali maboma a zigawo 50, zomwe kumeneko amazitcha masteti, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, makhoti ake komanso ofesi yake yotolera msonkho. Nkhani ya lero ikukhudza munthu amene amagona m'chigawo china koma n'kumagwira ntchito m'china, amene wasamuka chaka chili pakati, kapena amene ntchito yake imamuyendetsa m'zigawo zingapo, pakuti munthu wotereyu amayenera kulemba mafomu a msonkho awiri, atatu kapena kuposerapo pa ndalama zomwe anazipeza kamodzi. Malamulo omwe amamuyang'anira anakhazikitsidwa nthawi imene anthu ambiri ankagwira ntchito pafupi ndi pomwe ankagona, ndipo lero amene akulemedwa nawo kwambiri ndi wantchito wamba yemwe alibe ndalama zolipira akatswiri owerengera msonkho.

Kwa womvera wa ku Malawi nkhaniyi ikhoza kumveka yachilendo, chifukwa kuno msonkho wa pa malipiro, womwe umadziwika ndi dzina loti PAYE, umadulidwa ndi olemba ntchito n'kupita ku bungwe limodzi la Malawi Revenue Authority, ndipo mphunzitsi akasamutsidwa kuchoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre msonkho wake susintha. Ku Amereka nako olemba ntchito amadula msonkho pa malipiro, koma kudulako amangokutenga ngati kulipiriratu, moti chaka chikatha munthu amayenera kulemba fomu yowulula ndalama zonse zomwe wapeza, kuti ziwerengedwe n'kuona ngati analipira mopitirira kapena moperewera. Fomu ya boma lalikulu, yotchedwa 1040, imapita ku bungwe la Internal Revenue Service pofika pa 15 Epulo, ndipo msonkho umenewu unakhazikika m'chaka cha 1913 pamene malamulo oyendetsera dzikolo anasinthidwa kachi 16. Koma zigawo zinali zitayamba kale, pakuti Wisconsin inakhazikitsa msonkho wake wa pa ndalama zopeza m'chaka cha 1911, zina n'kumatsatira pang'onopang'ono, mpaka pofika chaka cha 2025 zigawo 41 pamodzi ndi mzinda wa Washington zinali kudula msonkho pa malipiro. Zigawo zisanu ndi zinayi zotsalazo, zomwe ndi Alaska, Florida, Nevada, New Hampshire, South Dakota, Tennessee, Texas, Washington (chigawo, osati mzinda uja) ndi Wyoming, sizinali kudula kalikonse pa malipiro a pantchito. Ngakhale tsiku lomaliza loperekera fomu silifanana konse, chifukwa ku Hawaii ndi pa 20 Epulo, ku Virginia pa 1 Meyi ndipo ku Louisiana pa 15 Meyi.

Gwero la mkangano wonse ndi mfundo ziwiri zomwe khoti lalikulu la dzikolo, la Supreme, linazivomereza kalekale. Yoyamba ndi yakuti chigawo chili ndi mphamvu yokhometsa msonkho pa ndalama zomwe zapezeka m'kati mwa malire ake ngakhale mwini ndalamazo akhale kwina, ndipo izi zinatsimikizika m'chaka cha 1920 pa mlandu wa Shaffer ndi Carter, wokhudza munthu wokhala ku Chicago amene ankapeza ndalama m'zitsime za mafuta ku Oklahoma. Yachiwiri ndi yakuti chigawo chili ndi mphamvu yokhometsa msonkho munthu wokhala m'chigawomo pa ndalama zake zonse, zichokere kulikonse, monga khotilo linanenera m'chaka cha 1937 pa mlandu wa Cohn ndi Graves, wokhudza lendi ya malo a ku New Jersey yomwe inkalandiridwa ndi munthu wokhala ku New York. Mfundo iliyonse payokha ndi yomveka bwino, pakuti chigawo chomwe munthu amagwiramo ntchito chimamupatsa misewu ndi chitetezo masana, pomwe chomwe amakhalamo chimaphunzitsa ana ake ndi kumutetezera nyumba usiku. Koma mfundo ziwirizi zikakumana pa munthu mmodzi, dola imodzi yomweyo imakhala ndi eni ake awiri oifuna.

Njira yomwe zigawo zinapeza pochepetsa vutoli ndi kuchotserana, kutanthauza kuti chigawo chomwe munthu amakhalamo chimachotsa pa msonkho wake ndalama zomwe walipira kale m'chigawo chomwe anagwiramo ntchito. Pachifukwa chimenechi mafomu a zigawo ali mitundu itatu, ina ya okhala m'chigawo chaka chonse, ina ya osakhalamo koma opezamo ndalama, ndi ina ya okhalamo mbali ya chaka chifukwa cha kusamuka, ngakhale zigawo zambiri zimaphatikiza mitundu iwiri yomalizayi pa pepala limodzi, monga fomu ya IT-203 ku New York kapena ya 540NR ku California. Wodziwa bwino amayamba kulemba fomu ya chigawo chomwe sakhalamo, chifukwa chiwerengero chotuluka pamenepo n'chomwe amapita nacho pa fomu ya kwawo popempha kuchotseredwa. Kuchotserako kuli ndi malire, pakuti chigawo sichichotsa ndalama zoposa zomwe chikanalandira chokha pa malipiro amenewo. Mwachitsanzo, tikaika pambali zochotsera zina ndi misonkho ya m'makaunti, omwe ndi maboma ang'onoang'ono a m'kati mwa chigawo, munthu wolandira madola 50,000 pa chaka amene amakhala ku Indiana, komwe msonkho unali 3 peresenti m'chaka cha 2025, koma n'kumagwira ntchito ku Chicago m'chigawo cha Illinois, komwe msonkho ndi 4.95 peresenti, amalipira madola 2,475 ku Illinois, ndipo Indiana imamukhululukira madola 1,500 okha omwe ikanatenga. Mnzake wokhala ku Chicago wogwira ntchito ku Indiana amalipira madola 1,500 ku Indiana ndi madola 975 otsalawo ku Illinois. Onse awiri amathera pa msonkho wa chigawo chokwera mtengo, ndipo onse awiri amalemba mafomu atatu poti ya boma lalikulu nayo imafunika.

Kuchotseranaku kunalimbikitsidwa ndi khoti la Supreme m'chaka cha 2015 pa mlandu wa Wynne, pamene oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti chigawo cha Maryland chinkalakwira malamulo a dziko pokana kuchotsera anthu ake msonkho wa m'makaunti pa ndalama zomwe zinali zitakhomedwa kale msonkho m'zigawo zina. Kusiyana kwa woweruza mmodzi yekha kukusonyeza kuti chitetezo chimenechi sichinali chodziwikiratu ngakhale kwa akadaulo a malamulo.

Zigawo zina zoyandikana zinapeza njira yabwino kuposa imeneyi, yomwe ndi pangano lakuti wantchito wodutsa malire azilipira msonkho wa pa malipiro kumene amakhala kokha. New Jersey ndi Pennsylvania zakhala ndi pangano lotere kuyambira m'chaka cha 1977, Maryland ndi Virginia nazo zili nalo, ndipo mzinda wa Washington umaletsedwa ndi lamulo la 1973 kukhometsa msonkho anthu ongobwera kudzagwira ntchito. Panganoli limakhudza Amalawi mwachindunji m'dera la South Bend ku Indiana, komwe kumadziwika kuti kuli Amalawi ambiri ndithu, pakuti mzindawu uli pafupi kwambiri ndi malire a Michigan, ndipo zigawo ziwirizi zili pa mgwirizano wotere. Komabe pangano siligwira ntchito lokha, chifukwa wantchito amayenera kupereka kwa bwana wake chikalata chosonyeza komwe amakhala, chomwe ku Indiana chimatchedwa WH-47, ndipo akapanda kutero msonkho umadulidwa n'kupita ku chigawo cholakwika, iye n'kutsala ndi ngongole kwawo kwinaku akudikira kuti chigawo chinacho chimubwezere ndalama zake. Panganoli silikhudzanso misonkho ya m'makaunti a ku Indiana kapena ya m'mizinda ya ku Michigan ngati Detroit, ndiponso silikhudza ndalama za bizinezi kapena za lendi. Mapangano amenewa amathanso kutha, monga zinachitikira pakati pa Minnesota ndi Wisconsin kuyambira m'chaka cha 2010, ndipo New York, yomwe imalandira antchito ochuluka zedi tsiku ndi tsiku kuchokera ku New Jersey ndi Connecticut, ilibe pangano lotere ndi chigawo chilichonse.

Pamene nkhaniyi imafika povuta kwambiri ndi pa funso lakuti munthu amakhala kuti. Chichewa chimasiyanitsa bwino mawu akuti kwawo ndi mawu akuti kumene akukhala, moti munthu atha kutha zaka makumi awiri m'tauni koma kwawo kukhala kumudzi, ndipo malamulo a msonkho a ku Amereka nawo ali ndi kusiyanitsa kofananako. Pali chomwe amachitcha domicile, kutanthauza malo amodzi omwe munthu amawatenga ngati kwawo kwenikweni ndipo amafuna kubwererako akachoka, ndipo malo amenewa sasintha pokhapokha munthu atawasiya n'kukakhazikika kwina ndi mtima wonse. Koma zigawo zambiri zinawonjezera muyeso wachiwiri wowerenga masiku, ndipo ku New York munthu amene ali ndi nyumba yokhalamo m'chigawomo ndipo wakhalamo masiku oposa 183 pa chaka amatengedwa ngati wokhalamo, ngakhale kwawo kwenikweni kukhale kwina. Powerenga masikuwo, mbali iliyonse ya tsiku imawerengedwa ngati tsiku lathunthu, kotero kuti kungolowa m'chigawomo kukagula katundu kwa ola limodzi kumawonjezera tsiku, ndipo udindo wosonyeza umboni kuti tsiku lakutilakuti anali kwina umakhala pa mwini msonkho. Ofufuza a ku New York amayang'ana komwe foni ya munthu inali, komwe khadi yake ya kubanki inagwiritsidwa ntchito, komwe ana ake amaphunzira, ngakhalenso komwe amasunga zinthu zomwe amazikonda monga zithunzi za banja ndi ziweto. Munthu akapezeka kuti ndi wokhala m'zigawo ziwiri pa nthawi imodzi, ndalama zomwe sizichokera pa malo enieni, monga chiwongoladzanja cha kubanki ndi phindu la masheya, zikhoza kukhomedwa msonkho kawiri popanda kuchotseredwa, chifukwa chigawo chilichonse chimati ndalamazo zimatsatira mwini wake ndipo mwini wakeyo ndi wake. Makhoti a ku New York anavomereza zimenezi ngakhale mlandu wa Wynne utagamulidwa kale, ndipo apa m'pamene lonjezo lakuti munthu sangalipire kawiri limaoneka kuti lili ndi mabowo.

Bowo lina ndi lamulo lomwe limati munthu wogwira ntchito ali kunyumba kwake m'chigawo china, ngati akutero mwa kufuna kwake osati chifukwa bwana wake wamukakamiza, masiku amenewo amawerengedwa ngati wawagwirira ku ofesi. New York ndi yomwe imadziwika kwambiri ndi lamuloli, ndipo mphunzitsi wa zamalamulo Edward Zelinsky, amene amaphunzitsa pa sukulu ya Cardozo mumzinda wa New York koma amakhala ku Connecticut, analitsutsa mpaka ku khoti lalikulu la chigawocho, komwe analephera m'chaka cha 2003. Nthawi imeneyo nkhaniyi inkakhudza anthu owerengeka, koma mliri wa Covid-19 utatseka maofesi m'chaka cha 2020, anthu mamiliyoni anayamba kugwira ntchito pa intaneti ali m'nyumba zawo, ndipo funso lakuti ntchito yachitikira kuti linakhala la aliyense. Massachusetts inapitiriza kudula msonkho pa malipiro a anthu a ku New Hampshire omwe sankapondanso m'chigawomo, New Hampshire inadandaula ku khoti la Supreme, koma khotilo linakana kumva mlanduwo m'mwezi wa Juni 2021. M'malo mothetsa lamuloli, zigawo zoyandikana ndi New York zinabwezera, Connecticut m'chaka cha 2019 ndi New Jersey m'chaka cha 2023, pokhazikitsa lamulo lomwelo pa anthu a m'zigawo zomwe zili nalo. Lamulo limeneli n'lovuta kuliikira kumbuyo, chifukwa mfundo yakale yakuti chigawo chimakhometsa msonkho poti chimapereka misewu ndi chitetezo kwa wantchito imagwa yokha pamene wantchitoyo sanaponde m'chigawomo tsiku limenelo.

Ulendo waufupi wa ntchito nawo umabala fomu. Nkhaniyi inatchuka m'chaka cha 1991 pamene California inakhometsa msonkho Michael Jordan ndi anzake a timu ya Chicago Bulls pa masiku omwe anasewera ku Los Angeles, Illinois n'kubwezera ndi lamulo lake, ndipo kuyambira pamenepo osewera otchuka amalemba mafomu m'zigawo zambiri chaka chilichonse, malipiro awo atagawidwa molingana ndi masiku a ntchito omwe anathera m'chigawo chilichonse. Koma lamulo lomwe limagwira wosewera wa mamiliyoni ndi lomwelo lomwe limagwira namwino woyenda ndi makontirakiti a miyezi itatu m'zipatala za zigawo zosiyanasiyana, mmisiri wa zomangamanga kapena wosamalira okalamba, chifukwa m'zigawo zambiri udindo wa msonkho umayamba tsiku loyamba lomwe munthu wagwiramo ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti wosewera ali ndi owerengera ndalama omuchitira zonse, pomwe namwino amalipira padera pa fomu ya chigawo chilichonse kwa omuthandiza kulemba kapena pa pulogalamu ya pakompyuta, ndipo nthawi zina ndalama yolembetsera fomu imaposa msonkho umene akufuna kulipira kapena kubwezeredwa. Zigawo zina zaona vutoli, monga Illinois yomwe kuyambira m'chaka cha 2020 siikhometsa msonkho wantchito wochokera kwina pokhapokha atapitirira masiku 30, koma muyeso wa chigawo chimodzi suthandiza munthu amene ulendo wake ukudutsa m'zigawo zisanu.

Nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ya Congress, ili ndi mphamvu yothetsa chisokonezo chimenechi, ndipo yasonyeza kale kuti ikafuna imatha. Lamulo la 1990 linati ogwira ntchito m'sitima za pamtunda ndi oyendetsa malole odutsa m'zigawo zambiri azilipira msonkho kumene amakhala kokha, lamulo la 1996 linaletsa zigawo kutsatira penshoni ya munthu amene anasamukira kwina atapuma pantchito, ndipo lamulo la 2009 linateteza akazi ndi amuna a asilikali omwe amasamutsidwa pafupipafupi. Koma bilu yomwe ikanakhazikitsa muyeso umodzi wa masiku 30 kwa antchito onse inadutsa m'nyumba ya House of Representatives m'zaka za 2012, 2016 ndi 2017, ndipo nthawi zonsezi inakafera m'nyumba ya Senate, makamaka chifukwa zigawo zomwe zimapeza ndalama zambiri kwa alendo odzagwira ntchito, monga New York, sizifuna kutaya phindu limeneli. Nkhawa ya zigawozo ndi yomveka, popeza masukulu ndi zipatala zawo zimadalira msonkho, komabe n'kulakwa kusiya mkangano wa maboma kuti uzithetsedwa patebulo la wantchito mmodzimmodzi mwezi wa Epulo uliwonse, pamene maboma omwewo angathe kugawana ndalamazo okha monga zigawo za pangano zimachitira.

Kwa obwera kuchokera kunja, kuphatikizapo Amalawi ndi anthu a ku Zambia, pali mfundo ina yofunika kuimvetsa, yakuti mtundu wa viza umene munthu ali nawo sindiwo umanena ngati ndi wokhala m'chigawo pa nkhani ya msonkho. Wophunzira amene boma lalikulu limamutenga ngati mlendo, n'kumalemba fomu ya 1040-NR, akhoza kutengedwa ngati wokhala m'chigawo chomwe muli sukulu yake, chifukwa chigawo chili ndi muyeso wakewake, ndipo akapita kukagwira ntchito ya patchuthi m'chigawo china amakhala wayambitsa fomu yachiwiri. Nkhaniyi simathera pa ndalama zokha, pakuti fomu yopemphera unzika wa dzikolo imafunsa ngati munthu ali ndi ngongole ya msonkho ku boma lalikulu, ku chigawo kapena ku boma la dera lake.

Womvera amene ali ku Amereka, kapena amene ali ndi mwana kapena m'bale kumeneko, ayenera kudziwa kuti chida chachikulu pa nkhaniyi ndi kalendala yolembedwa mokhulupirika, yosonyeza tsiku lomwe munthu anasamuka ndi masiku omwe anagwira ntchito m'chigawo chilichonse, pamodzi ndi pangano la lendi, malisiti ndi chikalata cha W-2 chomwe olemba ntchito amapereka pofika kumapeto kwa Januwale, chomwe mabokosi ake a 15 mpaka 17 amasonyeza chigawo chomwe chinalandira msonkho ndi kuchuluka kwake. Wosamuka adziwitse bwana wake sabata yomweyo kuti msonkho uyambe kupita koyenera, ndipo wopeza ndalama zochepa afunse za thandizo laulere la pulogalamu ya VITA, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la Internal Revenue Service. Koposa zonse asanyalanyaze fomu ya chigawo chomwe anangodutsamo poganiza kuti ndalama zake n'zochepa, chifukwa nthawi yopempha kubwezeredwa ndalama zodulidwa mopitirira imatha pakadutsa zaka zitatu ku New York ndi zinayi ku California, pomwe m'zigawo ziwiri zomwezo munthu amene sanapereke fomu akhoza kufunsidwa msonkho wake, pamodzi ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja, pa chaka china chilichonse mtsogolo.